Chimfine chalowa m'kampu: tibayitse katemera kapena tingodikira chidutse?

Masiku ano mzere wa pachipatala chathu watalika, ndipo ambiri omwe akuima pamzerewo akudandaula zinthu zofanana: kutentha thupi, kuphwanya m'mfundo, litsipa ndi chifuwa chouma chosagonetsa. Achipatala atiuza kuti ndi chimfine chachikulu chija chimatchedwa fuluwenza, ndipo atipempha ife mavolontiya a zaumoyo kuti tiziuza anthu za katemera wake. Ndikamayenda m'mazoni ndimafunsidwa mafunso omweomwewo pakhomo lililonse. Lomwe limabwera kawirikawiri ndi lakuti, popeza matendawa afika kale, kubayitsa pano kuli ndi phindu lanji? Ndaona kuti ndi bwino ndiyankhe kudzera m'nyuzi yathu ino kuti aliyense awerenge modekha, kenako asankhe yekha.

Poyamba tigwirizane za dzina. Pachichewa timangoti chimfine, kaya ndi kamamina kongotuluka masiku awiri, kaya ndi matenda ogwetsa munthu wamkulu pamphasa sabata yathunthu. Koma izi ndi nthenda ziwiri zosiyana, ndipo tizirombo toziyambitsa n'tosiyananso. Chimfine wamba chimayamba pang'onopang'ono: pakhosi kukanda, kuyetsemula, mphuno kutsekeka, koma munthu amapita kukatunga madzi kapena kukagwira ganyu bwinobwino. Fuluwenza imagwira mwadzidzidzi. Munthu amene m'mawa anali kuseka, pofika madzulo wafunda mabulangete awiri akunjenjemera, thupi lonse likuwawa ngati wamenyedwa. Kutentha thupi kumatha pakadutsa masiku angapo, koma chifuwa chimatha kukhalapo sabata ziwiri kapena kuposerapo. Katemera amene tikukambayu ndi wa fuluwenza basi. Chimfine wamba sachiteteza, ndipo mudzapitirizabe kuchidwala chaka chilichonse ngakhale mutabayitsa.

Apa pali msampha umodzi womwe ife a kuno tiyenera kuudziwa. Zizindikiro za fuluwenza zimafanana kwambiri ndi za malungo, moti ngakhale namwino sangasiyanitse pongoyang'ana ndi maso. Choncho thupi likatentha, makamaka la mwana kapena la mayi woyembekezera, musalamule nokha kunyumba kuti ndi chimfine chomwe chavutachi. Pitani akakubayeni chala ayeze magazi. Malungo sadikira, ndipo munthu angathe kukhala ndi zonse ziwiri nthawi imodzi.

Chifukwa chake chimathamanga chonchi m'kampu

Kachirombo ka fuluwenza kamatuluka m'timalovu tating'onoting'ono munthu akatsokomola, akayetsemula, ngakhale akamangoyankhula. Kamatsaliranso m'manja, ndipo kuchoka m'manjamo kamapita pa chigwiriro cha mjigo, pa ndalama, pa kapu yomwera. Kakalowa m'thupi pamatenga masiku awiri kuti munthu ayambe kudwala, nthawi zina tsiku limodzi, nthawi zina mpaka anayi. Choipa chake n'chakuti munthu amatha kuyamba kupatsira anzake kutatsala tsiku limodzi kuti iye mwini adzimve kudwala, ndipo amapitiriza kupatsira kwa masiku asanu mpaka asanu ndi awiri. Ana aang'ono amapatsira nthawi yotalikirapo.

Tsopano taganizirani mmene timakhalira. Anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, zenera laling'ono lomwe nthawi yozizira ino timalitseka ndi chiguduli. Mzere wa chakudya, mzere wa madzi, kalasi yodzaza ana, tchalitchi ndi mzikiti. Malangizo akuti wodwala azigona chipinda chake amalembedwa ndi anthu okhala m'nyumba za zipinda zinayi. Ifeyo chipinda chapaderacho tilibe, n'chifukwa chake nkhani ya katemera imatikhudza kwambiri kuposa munthu wa m'tauni amene angathe kudzitsekera yekha.

Kuchigawo chino cha kumwera kwa Africa, fuluwenza imachuluka nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi kukafika mu Ogasiti, ngakhale kuti m'madera otentha imapezeka miyezi ina yonse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pakati pa 3 miliyoni ndi 5 miliyoni amadwala fuluwenza modetsa nkhawa, ndipo pakati pa 290,000 ndi 650,000 amamwalira chifukwa cha mavuto a kupuma omwe imabweretsa. Ambiri sikuti amafa ndi chimfinecho pachokha ayi. Kachiromboka kamawononga njira ya mpweya, ndiye chibayo chimapezerapo mwayi, kapena matenda omwe munthu anali nawo kale, monga a mtima ndi mphumu, amakula mwadzidzidzi.

Agogo ena amakumbukabe nkhani zomwe makolo awo ankasimba za mliri wa 1918. Mliri umenewo unalinso fuluwenza. Unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse, ndipo kuchigawo chathu chino unalowera m'madoko a Cape Town ndi Durban n'kuyenda ndi njanji komanso ndi anthu obwerera kwawo kuchokera kumigodi. Sindikunena kuti zomwe tili nazo pano ndi zimenezo. Nthawi imeneyo kunalibe katemera, kunalibe mankhwala a chibayo, ndipo kachiromboko kanali katsopano kwa anthu ambiri. Ndangoikumbutsa kuti tisamaderere dzina lakuti chimfine.

Kodi sitinachedwe?

Ayi, sitinachedwe, koma pali zoyenera kumvetsa. Katemera sagwira ntchito tsiku lomwe mwabayitsa. Thupi limafuna pafupifupi sabata ziwiri kuti lipange asilikali olimbana ndi kachiromboka. M'masiku amenewo muli ngati munthu amene sanabayitse. Nthawi yabwino koposa yobayitsa ndi nyengo yozizira isanayambe, mu Malichi kapena Epulo, koma katemera satifikira nthawi yomwe ife tikufuna, ndipo mliri wa fuluwenza sutha sabata imodzi. Umayenda khomo ndi khomo kwa miyezi. Ngati simunadwale mpaka lero, sabata ziwiri zodikirazo n'zochepa poyerekeza ndi nthawi yomwe yatsala kuti nyengoyi ithe.

Sabata ziwiri zomwezi ndi zimene zinabala mphekesera yakuti katemerayu amadwalitsa chimfine. Zimachitika motere: munthu watenga kachirombo Lolemba pamzere wa madzi, sakudziwa, wabayitsa Lachiwiri, Lachitatu wagona. Aliyense pakhomopo aloza jakisoni. Komatu katemera wobaya pamkonoyu amapangidwa ndi kachirombo kophedwa kale kapena tizidutswa take chabe. Chinthu chakufa sichingaswane m'thupi, choncho sichingakudwalitseni fuluwenza. Nthawi ya mliri ngati ino nkhani zoterezi zichuluka, chifukwa anthu ambiri akubayitsa atatenga kale kachiromboka osadziwa.

Ena amati, ine ndadwala kale mwezi watha, ndibayitsirenji? Pali zifukwa ziwiri. Choyamba, simukudziwa ngati chomwe munadwalacho chinalidi fuluwenza, popeza ambirife sitiyezedwa kachirombo kameneka. Chachiwiri, fuluwenza si mtundu umodzi. Pali mitundu iwiri ya gulu A, yotchedwa H1N1 ndi H3N2, komanso gulu B, ndipo m'nyengo imodzi imatha kuyenda yonse, wina kumayambiriro, wina kumapeto. Kudwala mtundu umodzi sikukutetezani ku inayo. Katemera amakhala ndi mitundu itatu kapena inayi mu jakisoni mmodzi.

Izi zikuyankhanso funso la chifukwa chake timabayitsa chaka ndi chaka, pomwe katemera wa chikuku mwana amalandira kawiri basi. Kachirombo ka chikuku sikasintha nkhope, pomwe ka fuluwenza kamasintha pang'onopang'ono nthawi zonse, moti asilikali a chaka chatha amavutika kukazindikira. Chitetezo cha katemerayu chimachepanso pakapita miyezi. Akatswiri a WHO amasonkhanitsa tizirombo kuchokera m'mayiko ambiri n'kukumana kawiri pachaka kuti asankhe mitundu yoika mu katemera: mu Febuluwale amasankhira mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo mu Seputembala amasankhira ife a kumwera. Amasankha kudakali miyezi ingapo chifukwa kupanga katemera kumatenga nthawi. Zaka zina amalasa pakati penipeni, zaka zina kachirombo kamakhala katasinthako pofika nyengo yozizira.

N'chifukwa chake sindidzakuuzani kuti mukabayitsa ndiye kuti simudwala. Chaka chomwe katemera wagwirizana bwino ndi kachirombo komwe kakuyenda, amachepetsa mpata wodwala ndi pakati pa 40 ndi 60 pa 100 alionse. Kunena mwachidule, pafupifupi theka. Ena akamva zimenezi amagwa ulesi, amati theka n'chiyani. Ine ndimaona mosiyana. M'banja la anthu asanu ndi atatu ogona chipinda chimodzi, kusiyana kwa odwala onse ndi odwala anayi ndi kwakukulu: pamakhala wotunga madzi, wophika phala, wonyamula mwana kupita naye kuchipatala usiku. Komanso amene wabayitsa n'kudwalabe, nthawi zambiri sadwala kwambiri mpaka kugonekedwa.

Amene nkhaniyi ikuwakhudza koposa

Katemera wa fuluwenza sabwera wokwanira kampu yonse, ndipo achipatala amayambira anthu omwe matendawa angawaphe. Pano ndikhalitsapo pang'ono pa amayi oyembekezera, chifukwa ndi omwe amaopa kwambiri jakisoniyu pomwe ndi omwe amamufuna kwambiri.

Mayi akakhala ndi pakati chitetezo cha m'thupi mwake chimatsikako, ndipo mimba ikamakula mapapo amapanikizika. Fuluwenza yomwe mwamuna wake angadwale masiku anayi n'kudzuka, iye ingamufikitse pa chibayo, ndipo kutentha thupi kwambiri kungachititse kuti mwana abadwe masiku asanakwane. Katemerayu angaperekedwe mwezi uliwonse wa pakati, kuyambira woyamba mpaka womaliza, komanso kwa mayi woyamwitsa. Phindu lake ndi la anthu awiri. Mwana wosakwana miyezi 6 saloledwa kulandira katemera wa fuluwenza, chonsecho ndi amene ali pachiopsezo chachikulu. Njira yomutetezera ndi kudzera mwa mayi ake: asilikali omwe thupi la mayi lapanga amadutsa kupita kwa mwana ali m'mimba, ndipo amamuteteza miyezi yoyambirira akabadwa. Izi si zongomva za kutali. Ku Soweto, ku South Africa, kunachitika kafukufuku m'zaka za 2011 ndi 2012 pa amayi oyembekezera, ena omwe ali ndi HIV ena opanda. Anapeza kuti katemera anachepetsa fuluwenza ndi pafupifupi theka mwa amayiwo, ndiponso ndi pafupifupi theka mwa makanda a amayi opanda HIV.

Ndikudziwa kuti m'mabanja ambiri mayi sasankha yekha. Pamakhala bambo, apongozi, nthawi zina abusa. Abambo anzanga, ngati mukukayika, perekezani akazi anu kusikelo mukadzifunsire nokha kwa namwino. Kuletsa muli kunyumba chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp womwe simukudziwa anaulemba ndani, kumeneko n'kuika miyoyo iwiri pachiswe.

Gulu lina ndi la anzathu omwe ali ndi HIV. Ena amaganiza kuti popeza chitetezo chawo n'chotsika kale, katemera awafooketsa. Zoona zake n'zakuti kachirombo kakufa sikangawavulaze, koma fuluwenza yeniyeniyo ndi imene imawagoneka m'chipatala kawirikawiri kuposa anthu ena. Katemerayu salimbana ndi ma ARV, ndipo musadumphitse mankhwala tsiku lobayitsa. Mapiritsi a Bactrim omwe ambiri amamwa tsiku ndi tsiku amateteza ku matenda ena, koma fuluwenza sayiletsa. Chimodzimodzi omwe ali pa mankhwala a TB kapena anadwalapo TB mapapo n'kutsala ofooka, a mphumu, a shuga, a mtima ndi a impso. Palinso agogo athu a zaka 65 kupita m'tsogolo, ana a miyezi 6 mpaka zaka 5, makamaka onyentchera, ndi ogwira ntchito pachipatala. Mwana wosakwana zaka 9 amene akubayitsa koyamba amafunika majakisoni awiri motalikirana sabata zinayi, choncho musataye tsiku lobwereranso lomwe namwino alembe m'kabuku.

Nanga mnyamata kapena mtsikana wamphamvu zake, wopanda matenda ena? Maganizo anga ndi awa: katemera akachepa, apatseni mpata amene ndatchulawa. Inuyo mukadwala mudzavutika sabata imodzi, mudzaluza ganyu, koma ambiri mwa inu mudzadzuka. Koma ngati mumagona nyumba imodzi ndi khanda, gogo kapena munthu wodwala nthawi yaitali, uzani achipatala zimenezo, chifukwa kawirikawiri matenda amalowa m'nyumba kudzera mwa amene amayendayenda.

Zomwe mungamve mukabayitsa

Ambiri amangomva kuwawa kapena kutupa pang'ono pamene abayidwapo. Ena amamva kutopa, mutu kapena kutentha thupi pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri. Panado ndi wokwanira. Mungathe kusamba, kudya chilichonse ndi kugwira ntchito monga mwa masiku onse.

Zoopsa zilipo koma n'zosowa kwambiri, ndipo sindikubisirani. Munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi miliyoni imodzi thupi lake limakana katemera mwamphamvu: kutupa nkhope, zidzolo thupi lonse, kubanika. Izi zingachitike m'mphindi zoyambirira, n'chifukwa chake namwino amakuuzani kuti mukhale kaye pabenchi mphindi 15 musanapite. Musazembe, mankhwala ake amakhala pomwepo. Palinso matenda a mitsempha otchedwa Guillain-Barré, ofooketsa miyendo ndi manja, omwe angagwire munthu mmodzi kapena awiri pa miliyoni obayitsa. Fuluwenza yeniyeniyo imayambitsanso matenda omwewa, ndipo imatero kawirikawiri kuposa katemera.

Amene sayenera kubayitsa ndi khanda losakwana miyezi 6 ndi munthu amene thupi lake linakanapo mwamphamvu katemera wa fuluwenza m'mbuyomu. Ngati munadwalapo Guillain-Barré, kapena mazira amakuyambitsani ziwengo, nenani musanabayidwe. Katemera wambiri wa fuluwenza amapangidwira m'mazira a nkhuku, koma anthu ambiri a ziwengo za mazira amabayitsa popanda vuto. Ngati lero thupi latentha kwambiri, dikirani muchire kenako mubwere. Kamamina chabe si chifukwa chobwerera.

Za kusabereka ndi za nambala ya chirombo tinazimva mokwanira nthawi ya COVID-19. Amayi omwe anabayitsa nthawi imeneyo tikuwaona kusikelo ali ndi ana kumsana. Katemera wa fuluwenza si watsopano n'komwe, wakhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira zaka za m'ma 1940. Ndi wosiyana ndi wa COVID-19, ndipo wina salowa m'malo mwa mnzake.

Pali mantha ena omwe ndi athu ife othawa kwathu, omwe munthu wa kumudzi sangawamve. Tikaona dzina lathu likulembedwa m'kaundula timayamba kudzifunsa kuti likupita kuti, ndipo likhudza bwanji fayilo yathu. Kubayitsa n'kosakakamiza. Kuvomera kapena kukana sikukhudza khadi lanu la chakudya kapena nkhani yanu yopempha chitetezo. Namwino amalemba dzina kuti adziwe amene walandira, mtundu wa katemera ndi tsiku lake. Katemerayu ndi waulere. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti dzina lanu likhale patsogolo, kaneneni ku ofesi yolandira madandaulo. Ndipo kabuku kanu ka kuchipatala kasungeni bwino pouma, chifukwa kulikonse komwe mungadzapite madokotala adzafuna kuona makatemera omwe munalandira.

Kaya mwabayitsa kaya simunabayitse

Wodwala apume, amwe madzi ambiri, adye ngakhale pang'onopang'ono, ndipo mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Potsitsa kutentha thupi gwiritsani ntchito panado. Mwana kapena wachinyamata amene ali ndi chimfine musamupatse asipirini, chifukwa angamuyambitse matenda oopsa a chiwindi ndi ubongo. Samalaninso ndi mapiritsi ena a mutu ogulitsidwa m'maokala, ambiri amakhala ndi asipirini m'kati.

Makapusozi a amoxicillin omwe anthu akugula pamsika osalemberedwa sapha kachirombo ka fuluwenza. Amapha mabakiteriya, ndipo dokotala amawapereka akaona kuti chibayo chalowererapo. Kuwamwa mwachisawawa, awiri lero awiri mawa, kumangophunzitsa mabakiteriya kupirira, ndiye tsiku lomwe mudzawafunedi sadzagwira ntchito. Mankhwala enieni a fuluwenza alipo, dzina lake oseltamivir, koma sapezeka paliponse ndipo amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe masiku awiri chiyambireni kudwala. Ichi n'chifukwa china choti mayi woyembekezera, gogo kapena munthu wa matenda okhalitsa asamadikire kunyumba kuti aone mmene kuchere. Mandimu, jinja ndi uchi zimafewetsa pakhosi, palibe choletsa, kupatula kuti uchi sapatsa mwana wosakwana chaka. Kufukiza ndi masamba a bulugamu kumatsegula mphuno kwa kanthawi koma sikupha kachirombo, ndipo ana ambiri amapsa ndi madzi otenthawo, choncho ana musawafukize.

Chipinda chapadera tilibe, koma pali zomwe tingathe. Masana tsegulani chitseko ndi zenera mpweya uzidutsa. Wodwala agone kumapeto, mutu wake utalikirane ndi wa khanda kapena gogo, ndipo ngati muli ndi masiki avale. Akhale ndi kapu yakeyake. Potsokomola atseke pakamwa ndi mkati mwa chigongono, osati ndi chikhatho chomwe apatsire nacho moni. Sambani m'manja ndi sopo, ndipo mwana wodwala asapite kusukulu mpaka patadutsa tsiku lathunthu thupi litasiya kutentha. Mbaula yamakala musagone nayo m'nyumba yotseka ngakhale kuzizire bwanji: utsi wake umakulitsa chifuwa, ndipo mpweya wake wosanunkha umapha anthu ali m'tulo.

Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, mukaona mwana akupuma mofulumira kapena nthiti zikulowa m'kati akamapuma, akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena akuvuta kudzutsa. Khanda losakwana miyezi itatu likangotentha thupi, pitani nalo osadikira chizindikiro china. Kwa wamkulu, zoopsa ndi kubanika, kupweteka pachifuwa, milomo kusintha mtundu, kusokonezeka mutu, kutsokomola magazi, kapena kusakodza tsiku lonse. Chenjeraninso ndi munthu amene anayamba kupeza bwino kenako thupi latenthanso ndipo chifuwa chakula, chifukwa nthawi zambiri chimenecho chimakhala chibayo. Ndipo chifuwa chikapitirira sabata ziwiri, makamaka ngati munthu akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, akapereke makhololo ayezedwe TB.

Masiku ndi malo obayira katemera alembedwa pa bolodi la pachipatala, ndipo atsogoleri a mazoni alengezanso. Pobwera tengani kabuku ka kuchipatala, ndipo amayi oyembekezera atenge ka kusikelo. Ngati pakhomo panu pali gogo kapena wodwala amene sangathe kuyenda, uzani volontiya wa m'zoni yanu kuti akadziwitse namwino.